Fungo la Viniga m'Manja Mwanga

Kalasi ya kanema ndinailowa chifukwa cha tulo. Pakoleji yonse, chipinda chimenecho chokha ndicho chinali ndi makina oziziritsa mpweya, komanso ankazimitsamo magetsi. Kwathu ku Tondo, dera la anthu osauka mumzinda waukulu, tulo tinkasiyana nato mu Sepitembala, nyimbo za Khirisimasi zikangoyamba pa wailesi, chifukwa ndi nthawi imene bambo anga, Tatay Crisanto, ankayamba kupanga ma torotot, timalipenga timene ana amaliza polandira Chaka Chatsopano.

Malipenga athu anali a filimu. Tatay ankagula zitini za mafilimu akale pa sikelo, n'kumadula lamba wake ndi sizasi. Ine ndinkapinda chidutswa chilichonse kuti chisongoke, n'kumata guluu, n'kukuta ndi pepala lonyezimira, n'kusomeka nthenga ya nkhuku. Nyumba yathu inali chipinda chimodzi chopanda zenera, ndipo munkanunkha viniga chaka chonse, poti filimu ikamawola imanunkha choncho. Manja anganso ankanunkha, ngakhale ndiwatsuke ndi mandimu.

Mafilimu akwathu ndinkawanyoza kwambiri. Kulira, mbama, kuliranso, kenako onse akuvina kugombe. Ndinkati amenewo ndi a anthu osowa chochita masana.

Sabata yachitatu tulo tinandikana. Aphunzitsi athu, Mayi Abrenica, mayi wamfupi wa mawu osasa chifukwa cha fodya, anaonetsa filimu yakalekale yopanda mitundu. Mkazi wina ankasita malaya ndi simbi ya makala, ndipo kamera inangokakamira pa manja ake. Anali manja a malemu mayi anga enieni, mpaka kanyambitidwe ka chala poyesa kutentha kwa simbi. Ndinalira mumdimamo, kwinaku ndikudzikwiyira. Kenako chinsalu chinangoyera mbee.

"Yathera pomwepo," anatero Mayi Abrenica. "Mbali yomaliza inatayika. Mafilimu athu ambiri akale kulibenso, ana inu. Ena anapsa pa nkhondo, ena anawola, ena anthu anawadula n'kupanga ma torotot. Pwiii, pwiii, m'mawa mwake m'ngalande. Wodulayo nditakumana naye ndingamufunse chinthu chimodzi: kodi amagona?"

Kalasi yonse inaseka. Ine ndinakhalira manja anga mpaka anachita dzanzi.

Kuyambira tsikulo ntchito inayamba kundivuta. Chidutswa chilichonse ndinkayamba ndachikweza ku babu. Munali tianthu: wina akuyatsa ndudu, wina akuthamanga m'munda wa nzimbe, wina watsegula pakamwa kunena mawu amene palibe amene adzawamvenso.

"Perlita, ukusaka chibwenzi m'menemo?" Tatay ankandiseka. "Onsewo anafa kale, anak, mwana wanga. Pinda."

"Tay, munayamba mwayang'anamo inu?"

"Ndiyang'anemo chiyani? Aling Nena wapamsikapo amaifunsa dzina nsomba asanaitumbule?"

Kusukulu sindikanatha kuulula, kunyumba sindikanatha kuleka. Malipengawo ndi amene ankandilipirira fizi kuti ndizikamva kuti ndife zigawenga. Ndinkadana ndi sizasi ya Tatay, ndinkadana ndi pakamwa pa Mayi Abrenica, ndipo Lachitatu lililonse ndinkayamba ndine kufika m'kalasi, maso ali gwa.

Pofika pakati pa Disembala chinatsala chitini chimodzi. Mang Turing, wamalonda wa ku msika wa Divisoria, anali atanena kuti matumba omaliza adzawatenga Lachisanu. Tatay anachitsegula Lolemba ine ndili ku mayeso, anadula, anapinda okha, ndipo malipenga a tsikulo anapita kumsika ndisanabwere. Nditafika ndinasolola pang'ono lamba wotsalayo. Munali mtsikana womanga mpango, ataima padoko, phazi limodzi lili pa thabwa lokwerera sitima, akuyang'ana kumbuyo. Ndinaganiza kuti pamenepo ndi poyambira, ndipo zonse za ulendo wake zili m'katimo. Ndinafuna kudziwa mpaka mtima kuwawa.

Lachiwiri sitinadule poti nthenga zinali zitatha, ndipo Lachitatu m'mamawa, Tatay atapita kukagula zina, ndinaika chitinicho m'thumba la mpunga n'kukwera jipini, minibasi yakwathu. Anthu ankagwira mphuno njira yonse.

Mayi Abrenica anatsegula chitinicho pa tebulo lawo, anachinunkhiza, kenako anagwira dzanja langa n'kulinunkhizanso.

"Ndiwe?"

"Ndife, Ma'am. Ine ndi bambo anga."

"Ndiye amagona?"

"Amagona, Ma'am. Amachita kuliza mkonono."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, koma atasiya nkhope yawo inali yotopa. Ndinawapempha kuti aisunge filimuyo. Ndinali nditakonzeka kukalandira zilizonse kunyumba, bola filimuyo ipulumuke.

"Sindingaisunge, mwanawe. Yadwala imeneyi. Ndikaiika pamodzi ndi zanga iziwoletsa zonse. Imafuna chipinda chozizira usana ndi usiku, ndipo pano chozizira n'chomwe unkagonamo iwe chija, nachonso amazimitsa tikaweruka. Ndi ya ndani sindikudziwa, dzina linapita ndi chitini choyamba. Koma kuiona kamodzi, tingaione."

Anaikulunganso pang'onopang'ono ndi manja, n'kuiika m'makina. Kalasi inalowa ikudandaula za fungo. Magetsi anazima.

Chithunzi chinkanjenjemera, mawu ankathetheka, koma nkhani inkamveka. Mtsikana uja ankakhala ndi bambo ake m'kasitolo kamdima kosokerera nsapato. Wina anamupezera ntchito kutsidya kwa nyanja. Anabisa tikiti m'chitini cha misomali, bambo ake anaipeza, anangomusokera nsapato zatsopano. M'mawa anamuperekeza, iye patsogolo, iwo m'mbuyo atanyamula kamtolo kake. M'kalasi munalibe wotsokomola. Anafika padoko. Anaponda thabwa lija, anacheuka. Lamba anathera pomwepo, n'kumangomenya makina kwapu kwapu.

"Aaa, Ma'am! Anakwera kapena ayi?" wina anakuwa kumbuyo.

"Inakulungidwa cham'mbuyo," anatero Mayi Abrenica, osandiyang'ana. "Mapeto ake ndi amene anali pamwamba."

Ndinabwerera nacho chitinicho pamiyendo, m'jipini momwe muja, kukhomo komwe kuja. Tatay ndinawapeza atakhala pa tebulo lopanda kanthu, nthenga zili m'beseni.

"Wafika pondibera m'nyumba mwanga momwe? Tsiku lathunthu lapita. Mang Turing ndikamuuza kuti chiyani, kuti mwana wanga waphunzira kwambiri?"

Sindinapepese. Ndinaika chitini pa tebulo n'kuyamba kuwafotokozera filimuyo kuyambira pa kasitolo kaja. Poyamba ankangopukusa mutu n'kumanola sizasi. Nditafika pa tikiti ya m'misomali anasiya kunola. Nditafika pa nsapato zatsopano anayang'ana mapazi anga, kenako khoma. Ndinawayendetsa msewu wonse mpaka padoko, mpaka paphazi lija, n'kulekera pomwepo.

"Eee, ndiye?" anatero. "Anakwera?"

"Sindikudziwa, Tay. Kumeneko ndi kumene munadula Lolemba."

Anatembenukira pakona pomwe timaunjika matumba. Panali mbee. Anatenga nsonga ya lamba uja, anaikweza ku babu, n'kutsinzina diso limodzi. Zaka zonsezo ndinali ndisanawaonepo akuchita zimenezo. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chawo chachikulu chitaphimba sitima.

"Mdalayo akanamukankha," anatero motsitsa mawu. "Munthu umamusokera nsapato kuti aziima nazo?"

Anaika pansi lambayo mosamala ngati dzira. Anagwira sizasi, anaitsegula, n'kuisiyanso. Ndinawamvera chisoni kwambiri kuposa mmene ndinaimverera filimuyo, chifukwa matenda amenewa ndinawabweretsa m'nyumba ndine, ndipo Lachisanu linali likubwerabe.

Ndinakoka mpando wanga n'kutenga sizasi. Ndinadula pamwamba pa mpango wa mtsikana uja, n'kupereka chidutswacho kwa Tatay kuti apinde.