Mapiritsi Oyera ndi Mapiritsi Achikasu

Ndinatsika basi kutada kale. Tauni yachilendo. Nyumba ya achimwene ndinaipeza mofunsafunsa.

Amayi anali pampando, bondo lili m'bandeji.

"Agwanso dzulo," anatero alamu. "Akangoimirira, chizungulire."

Patebulo panali mapiritsi a bipi amitundu iwiri. Oyera, m'kajumbo ka kuchipatala. Achikasu, m'kabokosi konyezimira komwe achimwene anagula kufamase.

"Oyerawa ndi choko," anatero achimwene. "Zaulere n'zomwe zikuwagwetsa. Ndikataya m'chimbudzi."

Ndinatsomphola kajumboko.

"Simutaya."

"Iwe, fumbi likadali kumapazi, wayamba kale kulamula? Ukudziwa chiyani, woyendayenda iwe?"

"Sindikudziwa. Inunso simukudziwa. Koma ine ndikuvomera."

Amayi anaseka. "Musakangane. Ine ndimamwa onse. Oyera a dokotala, achikasu a mwana wanga. Ndikane a ndani?"

Alamu anatuluka. Anabwera ndi mayi wa nyumba yoyandikana, amene amagawa mankhwala kuchipatala. Mayiyo anatenga kabokosi n'kuwapatsa achimwene.

"Dzina lalikululi ndi lamalonda, la kampani. Werengani laling'ono pansipa."

Anawerenga.

"Tsopano la pakajumbo."

Anawerenga. Anabwereza. Dzina lomwelo. Nambala ya mphamvu yomweyo.

"Ndi mankhwala amodzi, bambo," anatero mayiyo. "Kampani yoyamba kuwapanga imawapatsa dzina lake. Pakapita zaka, makampani ena amaloledwa kupanga omwewo, ndipo amayesedwa asanavomerezedwe. Maonekedwe amasiyana, mtengo umasiyana. Chogwira ntchito m'thupi n'chimodzi. Amayiwa akumwa mlingo wowirikiza. Bipi ikatsika mopitirira, munthu amagwa."



"Ndiye tisiye oyerawo," achimwene anatero, mawu atachepa. "Okwera mtengo sangafanane ndi aulere."

"Ayi," ndinatero. "Amayi samwa bokosi."

"Iwe!"

"Ndati ayi. Mundithamangitse ngati mukufuna."

Mayiyo anakweza dzanja. "Onse ndi abwino. Koma mtundu umodzi wokha. Apitirize omwe dokotala analemba. Mawa apite kuchipatala akawayeze bipi, atatenga onse awiri."

Achimwene anayang'ana bondo la amayi nthawi yaitali.

"Ine ndimati ndikuwathandiza."

"Wandithandiza mpaka pansi, mwanawe," anatero amayi. Tonse tinaseka. Achimwenenso, mochedwa.

M'mamawa amayi anameza piritsi limodzi, loyera. Madzi anawapatsa ndi achimwene. Tinatulukira limodzi, achimwene ndi amayi kuchipatala, ine kudepoti. Pamphambano achimwene anandimenya kakhofi paphewa.

"Uli ndi mwano."

"Ndinatengera inu."

Basi inanyamuka.

Abale, mphamvu ya mankhwala siili m'bokosi kapena pamtengo. Werengani dzina laling'ono ndi nambala ya mphamvu. Zikafanana, ndi mankhwala amodzi: musamwe onse awiri. Musanataye, musanaphatikize, musanasinthe, funsani wazaumoyo.