Buku la Mayina ndi Buku la Zotsatira

Kapu inapulumuka m'manja mwa achimwene ake n'kusweka pansi pa tebulo la malemu bambo awo. Chitsiriza sanatembenuke. Anangowerengera mumtima kuti aka n'kachitatu sabata ino. Lolemba anagwetsa makiyi, Lachitatu foni.

"Ndani amaika kapu m'mphepete chonchi?" anatero achimwenewo akutola zidutswa.

"Eni ake a ofesi. Kawafunseni."

Panali patapita masiku asanu chiwaikire bambo awo m'manda, ndipo yunivesite inali itatumiza kale kalata yaulemu: ndime ziwiri zopepesa, yachitatu yopempha ofesi. Zaka makumi atatu bambo awowo, Pulofesa, anafufuza matenda amodzi okha a ubongo, aja amayamba ndi zala kuvina zokha, kenako ukali wopanda mutu, kenako kuiwala, mpaka munthu kulephera kumeza ngakhale madzi. Anawalembera mapepala, anawakwerera ndege. Pomaliza matendawo anawatsatira kunyumba n'kukhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi. Pamaliro anthu ankanong'ona ngati kuti anachita kuwatengera pamalaya ku labu.

Pampando wa pafupi ndi chitseko panakhala mayi amene aliyense ankawatchula kuti Amayi Mafiriji, chifukwa ndiwo ankasunga magazi a kafukufuku m'mafiriji a ku labu kuyambira Chitsiriza asanayambe sukulu. Anabwera kudzathandiza kulongedza, koma chifikire sanachotse chikwama chawo pamiyendo.

Chitsiriza anakoka chipepala chokulunga kuseri kwa kabati n'kuchitambasula patebulo. Pamwamba panalembedwa kuti Banja 14. M'munsi munali timabokosi ndi timikombero tolumikizidwa ndi mizere.

"Kabokosi ndi mwamuna, kamkombero ndi mkazi," Amayi Mafiriji anafotokoza mofulumira, ngati munthu wofuna kutseka nkhani. "Kodetsedwa ndi wodwala. Pindani, mwanangu, n'zakale zimenezo."

Chitsiriza sanapinde. Pamzere wachiwiri panali ana asanu ndi awiri, pakati pawo mapasa aakazi. Bambo awo anabadwa asanu ndi awiri, ndipo azakhali ake anali mapasa. Anayenda ndi chala. Agogo aamuna, amene banja lonse linkati anafa ndi mowa, anali akuda bii. Azakhali aja anamwalira atatsekeredwa m'chipinda, akudanso. Kabokosi kachinayi, pamalo pa bambo awo, kanadetsedwa ndi dzanja lonjenjemera, inki itatulukira kunja kwa mizere. Pansi pake panapachikika kabokosi kamodzi ndi kamkombero kamodzi, toyera.

"Achimwene, tabwerani mudzadzione."

Achimwene anayang'ana nthawi yaitali. Anali munthu wokonza magalimoto, wosakonda mapepala, koma izi sizinafune digiri.

"Ndiye kuti n'zakumtundu," anatero. "Akulu aja ankadziwa."

"Ankadziwa," Amayi Mafiriji anavomera. "Kholo likakhala nawo, mwana aliyense ali pakati ndi pakati, kutenga kapena kusatenga."

"Ndipo osatiuza? Mkazi wanga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mayi!"

Kenako anaima chilili, zidutswa za kapu zili m'manja.

"Iwe Chitsiriza, ukukumbuka chaka chija anatiitana kuno? Amati akusowa anthu abwinobwino oyerekezera ndi odwala."

Ankakumbuka. Bambo awo anawatenga magazi okha, akuseka kuti mwamuna wamkulu ndevu pepeya akuopa jakisoni.

"Zotsatira zake zili kuti?"

Amayi Mafiriji anakumbatira chikwama.

"Mverani, ana anga. Pa ntchito yathu pamakhala mabuku awiri. Langa lili ndi nambala ndi zotsatira, mulibe dzina. La Pulofesa lili ndi nambala ndi mayina, mulibe zotsatira. Ine sindidziwa kuti nambala yakuti ndi ndani, iwo sadziwa kuti wakuti ali bwanji. Mabukuwo sagona chipinda chimodzi. Anthu mazana anayi anatipatsa magazi chifukwa tinawalonjeza zimenezo."

"Nanga m'chikwamamo muli chiyani?"

Mayiwo anayang'ana pansi. Mkulu watsopano wa kafukufuku anali atawauza kuti akapereke mabuku onse awiri lero lomwe, ndipo iwo, pofuna kusayenda kawiri, ananyamuliratu lawo.

Makiyi a bambo anali m'thumba mwa achimwene. Kabati ya pansi inatseguka ndi kiyi wachitatu, ndipo munali buku lachikuto chakuda, lokha.

"Bweretsani linalo."

"Si mmene zimayendera. Pali achipatala amene amakhala nanu pansi, kukukonzekeretsani..."

"Ndati bweretsani!"

Anamenya tebulo ndi chibakera, zolembera n'kudumpha. Chitsiriza anali asanawamvepo achimwene ake akukalipira munthu wamkulu. Anawayang'ana khosi, mitsempha itaima, osadziwa kuti akuona chisoni kapena akuona chiyambi cha matenda aja.

"Asiyeni mayiwa," anatero motsitsa. "Ine sindikufuna kudziwa."

"Iweyo usadziwe. Ulibe mwana akubwera."

"Tinatengedwa magazi limodzi, mukadziwa zanu ndiye kuti zanganso mwaziona. Muzidzandiyang'ana bwanji patebulo?"

"Mmene wakhala ukundiyang'anira ine sabata yonseyi. Ukuganiza kuti sindikukuona?"

Amayi Mafiriji anatsegula chikwama, natulutsa buku lachikuto chobiriwira, naliika patebulo, koma dzanja sanachotsepo.

"Mayina a eni ake musawerenge. Funani anu okha. Mukandiuza nambala, ndikutsegulirani tsamba limenelo basi."

Achimwene anavundukula buku lakuda, akunyowetsa chala ndi malovu. Zilembo za bambo zinali zoongoka ngati asilikali, tsamba lililonse lolembedwa mbali imodzi. Anapeza chaka chija, napeza mwezi. Chala chinatsika n'kuima.

Nambala 212 ndi 213 zinalipo. Koma pamene panayenera kukhala mayina panali kawindo, kodulidwa bwinobwino ndi lezala, m'mbali mwake mosalala ngati anachita kuyeza ndi rula.

"Ndife amenewa," achimwene anatero. "Tsegulani."

Amayi Mafiriji anatsegula lobiriwira, naphimba mizere ina ndi envelopu. Onse atatu anawerama. 212: alibe. 213: ali nawo.

Panja wina ankakoka mpando pasimenti. Phokosolo linatenga nthawi kuti lithe.

"Anayamba ndani kutengedwa magazi?" achimwene anafunsa. Mawu awo anali atachepa.

"Inuyo. Munati mwamuna ndiye amatsogola."

"Bodza. Ndinathawira pakhonde, iwe n'kundiseka."

"Munathawa atakubayani kale."

"Ayi."

Anayang'anizana. Chitsiriza anafufuza tsiku lija m'mutu mwake napeza fungo la spiriti, thonje pamkono, kuseka kwa bambo, koma osapeza amene anayamba. Ndipo sanadziwe chimene akufuna kupeza. Akakumbuka kuti anayamba ndi iye, ndiye kuti waponya achimwene ake m'dzenje.

"Musadzivute," Amayi Mafiriji anatero. "Timabotolo tanu Pulofesa analowa nato m'chipinda china n'kumata nambala okha. Kuyamba kapena kutsiriza sikukuuzani kanthu. Amene akufuna kudziwa apite kuchipatala, payekha, akayezetse mwatsopano."

Achimwene anakhala pampando wa bambo. Anatambasula manja awo onse awiri n'kumawayang'ana. Chitsiriza anapisa ake m'matumba a jekete.

"Ine ndipita," achimwene anatero. "Mwana asanabadwe. Koma sindidzakuuza."

"Musadzandiuze."

"Ngakhale utandinyengerera."

"Ndinayamba ndakunyengereranipo?"

Anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali.

Amayi Mafiriji anakoka buku lakuda kuti alitseke, koma anaima, nasendeza magalasi awo.

"Tsiku ili ndikulidziwa," anatero. "Ndinadwala mwadzidzidzi ku labu, ananditengera kuchipatala, makiyi a kabati ya buku langa ndinawasiya patebulo. Nditabwerako ndinawapeza pomwepo, ndipo Pulofesa sanandiyang'ane m'maso mwezi wathunthu."

Chitsiriza anawerama kuti aone. M'mbali mwa kawindo kaja munali timalemba ting'onoting'ono.

"Lamulo lawo linali limenelo," mayiwo anapitiriza. "Ukasintha kalikonse m'buku la kafukufuku, ngakhale kadontho, usaine pambali, ulembe tsiku, ulembe ndi chifukwa. Anabwezapo ophunzira ambiri pa nkhani imeneyi."

Siginecha inalipo, tsiku linalipo, ngakhale ola. Pa chifukwa bambo anayamba kulemba mawu ena aatali, nawakhwatcha ndi mzere umodzi woongoka, nasainiranso kukhwatchako. Pansi pake analemba kuti: Ndi ana anga.