Datisani Imene Zebedee Anatsitsa

Datisani ya Zebedee Mwafulirwa inali yaitali ngati nkhokwe. Mwini wakeyo, makaniko wa ku Vinthukutu, anaiwonjezera yekha zitsulo za sipuling'i kuti izisenza matumba a mpunga ku Wovwe osagwada. M'chaka cha 1984 kutalika komweko kunasanduka vuto. Mkazi wake Febby anatupa miyendo, mtima ukuvuta, ndipo mwezi uliwonse ankafunika kuonekera kuchipatala. Kukwera galimotoyo kunkamukanika, koma zonyamulidwa anthu akuona sankazifuna n'komwe.

"Ine si thumba la mpunga yayi, adada a Dora," anatero Febby. "Bola ndikhale pakhomo."

Zebedee anaimika galimoto pamalo osalala, nayesa ndi ndodo kuchokera pansi kufika popondera pa chitseko. Kenako anayesa pamene phazi la mkazi wake linkafika akalikweza. Panatsala mainchesi anayi. Anaikweza pa jeke, nachotsa zitsulo ziwiri mbali iliyonse kumbuyo, kutsogolo natsitsanso molingana. Anayesa ngodya zonse zinayi kawirikawiri kuti isapendekeke. Ntchitoyo inali yaukhondo, tisamunamizire. Ulendo wotsatira Febby anakwera yekha akumwetulira, ndipo Zebedee anaimba mluzu mpaka ku Uliwa.

Chimene anaiwala mkulu wanzeruyu n'chimene aliyense kuno amadziwa: matenda akakula, kuchipatala sapita anthu awiri. Iye anayesa galimoto yopanda kanthu.

Mmawa wina mvula itangokata, Febby anadzuka akubanika, milomo itada. Tiyi asanawire, pakhomo panali patadzaza. Anabwera apongozi ake a Zebedee, a NyaGondwe, ndi ang'ono awo awiri. Anabweranso amayi atatu a ku tchalitchi. Aliyense anamanga khadi la chipani pa nsonga ya chitenje, nakwera kumbuyo. Anakwezanso mitolo ya nkhuni, mapoto, mikeka, thumba la mpunga ndi chigubu cha madzi, poti wodwazika matenda amadziphikira yekha.

Zebedee anayang'ana matayala akumbuyo. Pakati pa tayala ndi bodi sipakanalowa ngakhale chikhatho.

"Amama, galimoto yalemedwa chomene," anatero, maso pansi. "Kapena ena atsalire."

"Atsale ndani?" anafunsa a NyaGondwe. "Mwana ndi wanga uyu. Tiyeni waka."

Kodi mkamwini angaloze chala apongozi n'kuwauza kuti tsikani? Anali ndi mantha, inde, koma manyazi anaposa manthawo. Analiza injini.

Msewu wafumbi wopita ku msewu waukulu wa tala unali utakumbidwa ndi malole, mizere iwiri yakuya ndi mtumbira pakati. Kale Datisaniyo inkaudutsa mtumbirawo osaumva. Tsikulo mimba yake inkakhula dothi, Zebedee akuyendetsa tayala limodzi pamwamba pa mtumbirawo, thukuta lili kamukamu. Febby anatsamira paphewa pake, kupuma kwake kukumveka kuposa injini.

Atatsala mailosi anayi kuti afike pa tala, pansi panamveka kugunda kamodzi. Mwala unali utabisala mumtumbira. Zebedee anakwawira pansi napeza sampu, chibeseni chosunga oyilo wa injini, itang'ambika. Oyilo wakuda ankatsikira mumchenga, ndipo iye, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anayesa kutseka ming'aluyo ndi manja.

"Pitani mukafune thandizo," anatero Febby chapansipansi. "Musathamange, mugwa."

Anathamanga. Pa tala anaimitsa galimoto zitatu, zonse zinamupitirira. Dzuwa lili pamutu, lole yopanda katundu inaima. Dalaivala wake, bambo wa ku Dedza, anamva nkhaniyo nakhota osafunsa zambiri.

Akuyandikira, Zebedee anaona kuti m'Datisani mulibe munthu. Amayi onse anali atakhala pansi pa mtengo wa mango atazungulira mkeka, ndipo pamkekapo Febby anali atafunditsidwa chitenje mpaka kumutu. A NyaGondwe sanamuyang'ane. Chikhala kuti anamukalipira, mwina zikanamupepukira.

Dalaivala uja anazimitsa injini, navula chipewa. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Pepani bambo. Ndiye tilowere kuti?"

Zebedee anakweza dzanja lake lakuda ndi oyilo, naloza njira ya kumudzi.