Kabotolo ka Dzina la Mwamuna

Mabotolo atatu a mankhwala a chifuwa mayi wosoka zovala anagulira mwamuna wake popanda vuto. Botolo lachinayi anam'kaniza.

Kachipatalako kanali kolipira, ka zipinda zitatu, kopanikizika pakati pa shopu yometera ndi malo owotcherera zitsulo. Anthu ankakakonda chifukwa pamenepo sufunsidwa zambiri. Umanena chomwe chikukuwawa, kapena chomwe chikuwawa amene wam'siya kunyumba, n'kulandira mapilitsi, n'kumapita. Mwamuna wa mayiyu, dalaivala wa lole yonyamula simenti, anali wa mtundu womwe umadwalira kunyumba n'kumatuma mkazi. Anali atatsokomola masabata asanu. Ku chipatala cha boma anakanitsitsa, ati mzere wa kumeneko umadya tsiku lonse, ndipo ukangooneka pa benchi ya otsokomola, mawa lake nkhani yafika kale kwa abwana.

Adokotala, bambo wadazi wosaseka wamba, anamuyang'ana mayiyo pamwamba pa magalasi.

"Mayi, wodwala wanuyu sindinamuonepo nkhope."

"Amakhalira pamsewu, adokotala."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma poti sabwera, tichite chonchi." Anatulutsa kabotolo ka chivindikiro chofiira n'kulembapo dzina la mwamunayo. "Tinagwirizana ndi a boma kuti wotsokomola kupitirira masabata awiri tizimuyeza chifuwa chachikulu. Atsokomolere umu m'mawa asanadye kanthu. Makhololo enieni, osati malovu. Wa njinga yamoto amadzatenga Lachiwiri kupita nawo kokapima. Mukabweretsa aka, mankhwala a chifuwa ndikupatsani."

Lachiwiri m'mawa dalaivala ankamanga nsapato pamene mkazi wake anam'gwadira ndi kabotoloko. Anakayang'ana ngati kam'tukwana.

"Ndakutuma mankhwala, iwe wandibweretsera botolo lopanda kanthu?"

"Akuti muyambe mwatsokomolera umu, bambo."

"Fumbi la simenti ili. Aliyense kuntchito akutsokomola."

Koma poti lole inkadikira, anatsegula, analavuliramo timalovu, n'kum'bwezera. "Madzulo ndipeze mankhwala," anatero ali kale pakhomo.

Mayiyo anakweza kabotoloko poyera. Munali madzi enieni. Anadziwa kuti adokotala akangokaona akabweza, ndipo madzulo m'nyumba mukhala phokoso. Iye phokoso anali atatopa nalo. Ndiye anachita zomwe zinamuonekera ngati nzeru: anatsukamo, n'kupita kuseri kwa bafa. Anali nako kachifuwa kake, komwe sankakawerengera, poti wosoka aliyense amapuma tiulusi ta nsalu. Anatsokomola kawiri n'kutseka chivindikiro. Kabotolo kalibe maso, anatero mumtima. Akapima apeza palibe kanthu, nkhani ithere pomwepo.

Adokotala anakayang'ana, anagwedeza mutu, n'kum'patsa mankhwala a chifuwa aja. M'nyumba munakhala mtendere masiku atatu.

Lachisanu masana ali pa makina, akupinda siketi ya mwana wasukulu, foni inalira. Anali anesi a pa kachipatala kaja.

"Mayi, zotsatira za abambo zabwera. Apezeka nacho chifuwa chachikulu. Mubwere nawo mawa m'mawa, ayambe mankhwala."

Phazi linaima pa chopondera. Anathokoza, monga amachitira munthu woleredwa bwino ngakhale atauzidwa zoipa, n'kuika foni pa nsalu. Anachita mantha, koma mantha akewo anali apawiri. Matendawo anali ake, zimenezo zinali zosachita kufunsa. Koma akanena zoona, mwamunayo adzati ndiye kuti ine ndilibe kanthu, ndipo pa khomo la chipatala sadzapondapo mpaka kalekale. Akakhala chete, mwamunayo apita, koma akamwa mankhwala a mwiniwake.

Madzulo anangonena zomwe anesi ananena, osaonjezera, osachotsera. Dalaivala uja, munthu woti mawu ake amamveka mpaka nyumba yachitatu, anakhala pansi pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anangofunsa ngati anthu amachira, ndipo chakudya anangochitola kawiri.

Loweruka anafika pa kachipatalako asanatsegule. Owotcherera zitsulo anali atayamba kale phokoso lawo. Anesi anamukweza dalaivala pa sikelo, n'kulemba pa khadi lachikasu. Adokotala anafotokoza mosathamanga, ngati munthu amene wanena mawu omwewo kambirimbiri: miyezi isanu ndi umodzi, tsiku lililonse, osadumphitsa, ngakhale chifuwa chitasiya. Mankhwala ndi a boma, koma azidzatengera pomwepa, osafola mzere. Abwana sauzidwa ndi chipatala.

"Koma si maswiti awa," anaonjezera. "Amalemera m'thupi. Sitipatsa munthu pongoganizira, n'chifukwa chake timayamba tapima." Kenako anatembenukira kwa mkaziyo n'kum'patsa kabotolo kena. "Inunso mayi, poti mumagona nyumba imodzi. Mubweretse Lachiwiri."

Mayiyo anakalandira ndi manja awiri. Apa njira inali itadzitsegukira yokha. Akanatha kungokhala chete, sabata yamawa n'kupezeka nacho m'dzina lake, ndipo aliyense akanati wachitengera kwa mwamuna wake. Bodza likanafera m'kabotolo, popanda wolira maliro.

Anesi anathira madzi m'kapu n'kuika mapilitsi anayi m'dzanja la dalaivala, poti oyamba amamwera pamaso pawo. Ndi dzanja lomwe linkakhotetsa lole yodzaza simenti, koma mapilitsi anayi analilemera. Mayiyo analiyang'ana likukwera, ndipo zinamukanika.

"Musamwe, bambo."

Onse anamuyang'ana.

"Makhololo aja sanali awo, adokotala. Iwo analavula malovu okha. Ndinatsukamo n'kuikamo anga."

M'chipindamo munangomveka kulira kwa chitsulo chodulidwa kuseri kwa khoma. Adokotala sanadzidzimuke. Anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, n'kuwavalanso. Zikuoneka kuti pa ntchito yawo anali ataona zambiri, ngakhale izi zinali zachilendo ndithu.

Dalaivala anatsitsa dzanja. Nkhope yake inayamba kubwerera m'malo.

"Ndiye kuti ine ndilibe?"

"Ndiye kuti inu sitinakupimeni," anayankha adokotala.

Koma iye anamva zomwe ankafuna kumva. Anasiya mapilitsi patebulo, anaimirira, n'kukonza kolala. "Ndinanena ine kuti ndi simenti. Usiku wonse osagona chifukwa cha bodza lako." Anatenga chipewa n'kulunjika kukhomo. Mkazi wake sanam'letse. Zomwe ankaopa zinali kuchitika monga momwe anaziganizira, ndipo analibenso mphamvu zogwadira munthu.

Adokotala nawonso sanamuitane. Anadula mzere pa dzina la pa khadi lija, anatenga khadi latsopano, n'kuloza mpando womwe dalaivala anachokapo.

"Khalani apa, mayi. Mwatsokomola nthawi yaitali bwanji?"

Anawerenga mumtima, kuyambira pa madiresi a ukwati omwe anasoka akutsokomolera m'kansalu kuti asadetse zoyera.

"Miyezi itatu. Kapena inayi."

"Thukuta pogona?"

"Limatuluka."

"Kuwonda?"

"Madiresi anga ndawabweza kawiri m'chiuno." Anaseka pang'ono, mwamanyazi. "Poti makina ndili nawo, sizioneka."

"Kwerani pa sikelo."

Anavula nsapato n'kukwera. Anesi anawerenga nambala mokweza, anayang'ana pa tchati chapakhoma, n'kuchotsapo piritsi limodzi pa anayi aja. Thupi lake linali la atatu.

Chitseko chinali chisanatsekedwe. Dalaivala anali ataima pomwepo, dzanja pa chogwirira, chipewa chili m'manja. Ankayang'ana mkazi wake ali pa sikelo, mafupa a m'khosi ali poyera pamwamba pa diresi lokwana bwinobwino. Chifuwa chinam'gwira, anatsokomola nthawi yaitali atawerama. Chitam'siya, anabwerera n'kutola kabotolo kopanda kanthu kaja pa mpando pomwe mkazi wake anakasiya. Anakatembenuza m'dzanja.

"Miyezi inayi, mayi a ana?" anafunsa motsitsa mawu. "Ine ndinali kuti?"

Mayiyo anameza mapilitsi ake atatu, limodzilimodzi, n'kuika kapu pansi.

"Munalipo, bambo."