Maenje M'dimba la Katarina

Katarina anakhala milungu isanu kuchipatala, kudwazika mchemwali wake. Tsiku limene anabwerera kwawo, kufupi ndi Milonde, m'nyumba sanalowemo n'komwe. Anatsikira kudimba kukaona ngati mpiru ndi tomato wake ankathiriridwa. Atafika anangoti kakasi, chikwama chili pamutu.

Dimba panalibe. Panali maenje atatu ofika m'chiuno, ndipo pambali pake uvuni wa njerwa unkafuka. Dothi lakuda lija, limene mayi ake anayamba kulithira manyowa atangofika kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, linali litaumbidwa n'kuwotchedwa.

"Bambo a Marcia!" anakuwa Katarina. "Wachita izi ndani?"

Mwamuna wake, Arsenio, anatulukira kuseri kwa uvuni akukanda m'mutu. Pambuyo pake panali mnzake Samueli, woumba njerwa, amene sanadikire kufunsidwa.

"Alamu, musapse mtima," anatero Samueli. "Khasu linalemeretsapo ndani kuno? Njerwa ndi za pompopompo. Dothi limabwerera lokha mvula ikagwa."

"Limabwerera kuchokera kuti?" anafunsa Katarina. Kenako anatembenukira mwamuna wake. "Inu, dimba limene lalera ana anu, mwalipereka osandifunsa? Ine ndikuchapa nsalu za wodwala, inu mukuwotcha chakudya chathu?"

M'mawa mwake anakaitana Mayi Eneles, mlangizi wa zaulimi. Mlangiziyo anatsikira m'dzenje, n'kutapa dothi lofiira, n'kulifinya m'manja.

"Uyu ndi katondo yekhayekha," anatero. "Chonde chimakhala pamwamba, ndipo chimatenga zaka zambirimbiri kuti chipangike. Ili ndi dimba lachinayi kukumbidwa m'mbali mwa mtsinje uno chaka chino."

"Koma sitinalakwire munthu," anang'ung'udza Arsenio. "Malowa ndi a pakhomo pathu."

"Mawa ndi tsiku la msika," anayankha mlangizi. "Mukaperekeze akazi anu, mukadzionere nokha."

Anapitadi. Atangolowa mumsika, Saida, amene ankapikula tomato kwa Katarina mlungu ndi mlungu, anawaimitsa. Pabenchi pake panali timilu tinayi tokha.

"Mwatipha, achimwene," anatero Saida. "Tomato uyu ndakamutenga kutali, mtengo wakwera, ogula akungodutsa. Ana anga adya njerwa zanuzo?"

Pansi pa mtengo wa mango, Hashimu wakabaza anali atatsamira njinga yake. Iye ndiye ankanyamula madengu kuchokera kumadimba aja, ndipo tsikulo anali asanatengeko katundu ngakhale mmodzi. Amayi awiri amene ankapeza ganyu yothirira anafunsa Katarina tsiku loyamba kuwokera.  Katarina anangoloza mwamuna wake ndi mlomo.

"Mwamva?" anatero kwa mwamuna wake potuluka mumsika. "Inu ndi Samueli mumati khasu ndi la amphawi. Telala uyo, wachigayo uyo, wogulitsa sopo uyo, onsewo amadikira mlimi agulitse. Mlimi akakhala chimanjamanja, msika wonse umagona ndi njala."

Arsenio anayenda njira yonse atazolika. Njerwa zija theka linasweka pophula, ndipo Samueli atatenga gawo lake anasamukira kutsidya kukanyengerera ena.

Katarina sanalekere pomwepo. Anayenda khomo ndi khomo mpaka alimi onse a m'mbali mwa mtsinje anasonkhana, ndipo anapangana kuti munthu asadzaumbenso njerwa m'dimba. Wofuna kumanga azikakumba pachulu kapena pamalo ouma. Mayi Eneles analangiza kuti maenje akwiriridwe, athiridwe manyowa ndi mapesi, n'kubzalamo nandolo kuti nthaka ipezeko mphamvu. Arsenio anakankha wilibala miyezi itatu, manja mpaka matuza. Ngakhale zinali choncho, mlangizi ananeneratu kuti tomato asamuyembekezere msanga.

Chilimwe chotsatira, Katarina anaima kutsogolo kwa benchi la Saida ngati wogula wina aliyense. Chibadwire anali asanagulepo tomato. Saida anamuwonjezera mmodzi wa basela, ndipo Katarina anamulandira osakweza maso.

Phunziro: Dimba limodzi limadyetsa makomo ambiri. Tisagulitse chonde cha nthaka chifukwa cha phindu la tsiku limodzi, ndipo za munda tizikambirana m'banja tisanachite kanthu.