Zitini za Penti za Achimwene Flexon

Ine munthu akamandiuza kuti "shopu yadzadza" mtima umandiwira. Mawu amenewo ndi amene achimwene anga a Flexon ankanditseka nawo pakamwa.

Shopu ya hadiweya ija, pafupi ndi msika wa Bangwe, tinatsegula awiri. Iwo anaikapo ndalama zawo za penshoni. Ine ndalama ndinalibe, ndiye ndinapereka mapepala a nyumba yanga ngati chikole kwa a holoselo ena a ku Limbe, kuti azitipatsa katundu pangongole. Nyumba imene anandisiyira malemu amuna anga, momwe ndikulereramo ana.

Loweruka lina ndinawalowera m'shopumo, moni sindinapereke.

"Achimwene, mapepala anga ndikuwafuna. A holoselo mwamaliza nawo?"

"Iwe Thandie, maso uli nawo?" anatero akuloza mashelefu. "Ona penti, mpaka kudenga! Bizinesi yakufa imaoneka chonchi?"

"Sindinafunse za denga. Pa zonsezi, zathu ndi ziti, za eni ake ndi ziti? Titagulitsa zonse lero, n'kubweza ngongole, tingatsale ndi chiyani m'manja?"

"Mafunso a anthu ansanje amenewo. Wakutuma ndani?"

"Yandituma nyumba yanga."

Anatsonya. Akuti ndisaiwale chuma chimene chili panja, kwa anthu amene anatenga katundu osalipira. Woyamba kumutchula, a Venansio, amene anatenga malata.

"A Venansio tinawaika m'manda chaka chatha! Mukawalonjerera kumanda komweko?"

"Pakamwa pako m'poipa, n'chifukwa chake sindikuuza zinthu."

Tili mkati mokalipirana, lole inaima pakhomo. Anatsika a Blackson, amene amatolera ngongole za a holoselo aja. Aulemu, jekete yosita, koma nkhope yosaseka. Anati miyezi yadutsa popanda ngakhale tambala, ndiye abwera kudzatenga katundu wawo.

Ndikuuzeni zoona, ndinapuma. Ndinati atenge, penti yonseyi ikwana, nyumba yanga ipulumuka.

Onyamula katundu anayamba ndi mzere wapansi. Zitini zolemera, akubuula nazo. Atafika mzere wachiwiri, mmodzi ananyamula chitini ndi chala chimodzi. Anachigwetsa dala pa simenti. Ngwee! Chinagubuduka mpaka pa mapazi anga, mulibe kanthu.

Kani achimwene ankagula zitini zotha ntchito kwa opaka penti, n'kuzitsuka bwinobwino, n'kuzitseka, n'kuzisanja mpaka kudenga. Makatoni a maloko m'mwambamo, mphepo yokhayokha.

"Aliyense amatero pamsika pano," anatero achimwene, maso ali pansi. "Kasitomala salowa m'shopu yopanda katundu."

"Kasitomala? Mumapusitsa ine, mlongo wanu! Mimba imodzi!"

Ndinawatukwana, sindibisa. Mawu amene ndinatulutsa tsiku limenelo sangatchulidwe ku mvano. Anthu anadzadza pakhomo, ena akuseka, ena akugwira pakamwa.

A Blackson anadikira kuti ndithe mpweya. Kenako anavula chipewa.

"Pepani mayi. Zimene tapeza muno sizikufika ngakhale theka la ngongole. Mabwana anati zikatero tikaone chikole. Nyumbayo ili mbali iti?"

Ndinaganiza za ana anga, amene ndinawasiya akuchapa mayunifolomu pakhonde. Ndinati ndikangokhala chete, mwina sakaipeza lero.

Koma achimwene anga anatuluka panja, n'kukweza dzanja.

"Mukadutsa chigayo, mukhotere kumanzere. Ya geti yobiriwira."