Zimene Munya Ananena pa Maiki

Fakitale yopanga zidebe imene Collen ankagwirako ntchito inatsekedwa nthawi yozizira mu 2008, koma iye sanamuuze mkazi wake Eneles. M'mawa uliwonse ankavala ovolosi, kulandira mbatata ziwiri zokulunga m'pepala, n'kutuluka m'kachipinda kamene ankachita lendi kuseri kwa nyumba ya eni ku Warren Park. Ankapita kwa mnzake Munya, Mshona wa tsitsi lopotana lofika m'mapewa, n'kuswera kumeneko akuyeseza nyimbo za rege. Collen ankaimba gitala ya besi. Anaiphunzira kutchalitchi cha pafamu ya fodya pamene makolo ake, ochokera ku Dedza, anakalambira.

Loweruka lililonse gulu lawo linkaimba pa kabala kena kuseri kwa mashopu. Poti ndalama zinali zitatha mphamvu, mwini wake ankawalipira ndi shuga kapena botolo la mafuta ophikira, ndipo Collen ankakapereka zimenezi kunyumba ponena kuti ndi za ovataimu.

Loweruka lina anayamba kuimba dzuwa litangolowa, kuti amalize mafuta a jenereta asanathe. Anthu anadzaza mpaka pakhomo. Ambiri analibe chogulira mowa, ankangopatsirana chikapu chimodzi, koma ankavina ngati akhuta. Fungo la dizilo linasakanikirana ndi la thukuta ndi utsi wa fodya. Collen anatsinzina, besi ikugunda m'chifuwa mwake, ndipo kwa kanthawi anaiwala zonse.

Nyimbo ili pakati, Munya anauza wang'oma kuti atsitse, n'kuyamba kutchula anzake mmodzimmodzi. Atafika pa Collen anamukoleka dzanja paphewa. Anauza anthu m'Chishona kuti uyu ndi m'bale wathu wa ku Malawi, fakitale inamutaya kalekale ngati chidebe chobooka, koma Jah sataya munthu. Anthu anakuwa, ena anaimba likhweru, wina anamenya tebulo ndi botolo.

Collen atatsegula maso kuti akweze dzanja, anaona Eneles ataima pafupi ndi khomo, mwana wawo Paida ali kumbuyo. Mayi Melina, amene ankachita lendi chipinda choyandikana ndi chawo, ndi amene anamutsina khutu kuti Collen amalowa pamenepo Loweruka lililonse. Eneles anabwera akuganiza kuti apeza mkazi wina.

Collen analakwitsa kawiri, wang'oma n'kumuyang'ana. Nyimbo ziwiri zotsalazo anaziimba maso ali pa zingwe, ndipo jenereta itazima anthu akudandaula, iye anapumira m'mwamba.

Anamupeza Eneles panja, akuyang'ana kumsewu. Anayenda limodzi mumdima, kudumpha madzi onunkha amene ankayenda m'mphepete mwa msewu. Collen anayamba kufotokoza kuti ankayembekeza kuti fakitale itsegulidwanso, kuti ankafuna apeze kaye ntchito ina kenaka anene. Mawuwo ankamveka opepuka ngakhale kwa iye mwini.

Eneles sanakweze mawu.

"Bambo a Paida, mbatata zija zinali za ine. Ndinkati munthu wonyamula zitsulo asakomoke pantchito."

Paketi ya shuga imene Collen anapatsidwa inali m'khwapa, ndipo analakalaka atangoisiya pansi.

Atayenda pang'ono, Eneles ananena kuti kuimbako sikunamupweteke, ndipo anali asanamvepo mwamuna wake akuimba bwino chotero. Chinamupweteka n'chakuti zidakwa za m'bala zinaidziwa nkhaniyo iye asanaidziwe. Anati sawakaniza kupitako Loweruka, koma masiku enawo akufuna manja awo.

Lolemba onse awiri anadzuka tambala asanalire n'kupita wapansi kumsika wa Mbare kukapikula tomato amene Eneles ankagulitsa pamsewu. Pobwerera Collen anasenza bokosi paphewa. Anafika dzuwa litakwera, amayi ali pamzere wa madzi pamjigo, ndipo onse anatembenuka. Mayi Melina anamupatsa moni mwaulemu, n'kufunsa ngati ali pa tchuthi.

Eneles anapitirira osaima. Collen anaima, bokosi likumudinda paphewa, nkhope ikutentha.

"Ayi, mayi. Ntchito inatha kale," anatero, n'kulondola mkazi wake.